VSOC yakwera koma ma error sakutha: za volteji ya memory controller

Kadzidzi:
Akuluakulu, funso langa ndi la pa AM5, soketi ya ma CPU a AMD. Makina ake ndi Ryzen 7 7800X3D, ma RAM awiri a DDR5 a 16GB iliyonse, ma chip ake Hynix A-die, ali mu A2 ndi B2. Pa EXPO (ma setting a liwiro okonzedwa kale pa RAM) ya 6000 CL30 mayeso onse akudutsa bwinobwino (CL ndi ma clock amene RAM imadikira isanapereke deta). Vuto likubwera pa 6400 CL32, UCLK (liwiro la memory controller) ikafanana ndi MCLK (liwiro la RAM) pa 3200 MHz. TestMem5, pulogalamu yoyesa RAM, ikumaliza maulendo ake onse popanda error ngakhale imodzi, koma pulogalamu ya y-cruncher pa mayeso ake a VT3 ikugwa theka la ola lisanakwane, ndipo magemu akumangotsekeka okha osanena kanthu. VSOC inali 1.25 V. Itakwezedwa kufika 1.30 V, ikugwa msanga kuposa poyamba. VDD ndi VDDQ zili pa 1.40 V, VDDIO 1.40 V, VDDP ili pa Auto, FCLK (liwiro la Infinity Fabric) 2133. Ndi volteji iti imene ikuperewera apa?

Wamagetsi:
A Kadzidzi, mwina palibe ikuperewera. Tiyambe ndi kuona kuti volteji iliyonse imadyetsa chiyani, chifukwa mayina awo amafanana ndipo anthu amawasokoneza.

VDD ndi VDDQ ndi za RAM yeniyeniyo. Pa DDR5 zimapangidwa ndi PMIC, kachipangizo kamene kali pa RAM pomwepo, osati pa motherboard ngati mmene zinalili pa DDR4. Mlingo wa JEDEC, bungwe loika miyezo ya RAM, ndi 1.1 V. VDD imadyetsa mkati mwa ma chip, ndiye imakhudza kwambiri ma timing monga tCL. VDDQ imadyetsa mbali yotumiza ndi kulandira deta.

Ku mbali ya CPU kuli zitatu zofunika. VSOC imadyetsa IO die, mmene muli memory controller ndi Infinity Fabric (njira yolumikiza ma core ndi controller), ndiye ikamakwera UCLK, imene imafunika kukwera nayo ndi VSOC. VDDIO imadyetsa timiyendo ta CPU timene timalankhula ndi RAM kudzera m'mawaya a pa motherboard. VDDP ndi ya mkati mwa PHY, mbali imene imasandutsa manambala a controller kukhala siginolo ya magetsi.

Tsopano onani zimene mwanena. TestMem5 ikudutsa, kusonyeza kuti ma chip a RAM akusunga deta molondola pa ma timing amenewo. VT3 ikugwa, ndipo imeneyi imapanikiza kwambiri controller ndi fabric. Ndiye RAM yanu musaivutitse, A-die pa 6400 CL32 sinayambe n'kutuluka thukuta komwe. Chikukanika chili mkati mwa CPU. Ndipo mwasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, UCLK ndi FCLK. Panopa simungadziwe kuti wolakwa ndani pa awiriwa.

Gologolo:
Tisanapite patali, 1.30 V imeneyo ndi pamapeto penipeni, si poyambira ayi. Mu April 2023 ma CPU angapo a Ryzen 7000, makamaka a X3D, anapsa mpaka kutupa pansi, ena kuwononga ndi soketi yomwe. Choyambitsa chachikulu chinali VSOC yokwera kwambiri imene ma BIOS ena ankaika okha munthu akayatsa EXPO. AMD inatulutsa AGESA 1.0.0.7 (pulogalamu ya AMD imene imakhala mkati mwa BIOS) imene inaika malire pa 1.30 V. Amene ali ndi BIOS yakale kuposa imeneyo aikemo yatsopano asanayambe kugwira chilichonse.

Chinanso, nambala imene mwalemba mu BIOS si imene CPU ikulandira nthawi zonse. Mu HWiNFO64, pulogalamu yoonetsa ma sensa, yang'anani mzere wa VDDCR_SOC wa SVI3 TFN, umenewo ndiye ukuwerengedwa kuchokera mu CPU. Sensa ya motherboard kawirikawiri imaonetsa nambala yokwererapo chifukwa imayeza pafupi ndi VRM, gawo la motherboard lopereka magetsi ku CPU, magetsiwo asanadutse mu soketi.

Kadzidzi:
Zikomo. BIOS ndi yatsopano. SVI3 ikuonetsa 1.29 V ikamagwira ntchito. Koma chimene sindikumvetsa n'chakuti kukweza volteji kukuwonjezera bwanji vuto? Pa ma core, ukakweza volteji zinthu zimakhazikika, chimene chimavuta ndi kutentha basi.

Wamagetsi:
Apo ndiye pali kusiyana kwake. Core ndi ma transistor amene amafuna volteji yokwanira kuti asinthe msanga, ndiye kuwonjezera kumathandiza mpaka kutentha kukuletseni. Njira ya pakati pa CPU ndi RAM ndi nkhani ya siginolo. Pa 6400, bit iliyonse imakhala pa waya kwa nthawi yosakwana 0.16 ns. Wolandira amayenera kuiwerenga pakati penipeni pa kanthawi kameneko, komanso pakati penipeni pa volteji ya 0 ndi ya 1. Volteji ikachepa, kusiyana kwa 0 ndi 1 kumachepa, amawerenga molakwika. Ikachuluka, siginolo imadumpha kupyola pofunika, imagunda kumapeto kwa waya n'kubwerera, ndipo mawaya oyandikana amayamba kusokonezana. Ndiye pamakhala kampata kapakati kamene zinthu zimayenda, kunsi kwake ma error, kumtunda kwakenso ma error. Ntchito yathu ndi kupeza kampata kameneko, osati kukwera mpaka kudenga.

Pa AM5 palinso china chimene anthu ambiri oyesa amachiona: UCLK yokwera imafuna VSOC yokwera, koma FCLK yokwera nthawi zambiri imakhazikika bwino VSOC ikakhala yotsikirapo. Inu mwafuna zonse ziwiri, 3200 ndi 2133, ndiye zikukokerana. N'kutheka kuti pa 1.25 V imagwa ndi controller, pa 1.30 V ikugwa ndi fabric. Mukuona ngati vuto ndi limodzi pomwe ndi awiri osiyana.

Onjezeraninso kuti magetsi amene SoC (mbali yodyetsedwa ndi VSOC) ikudya amawerengedwa mu PPT yomweyo ya ma core, kutanthauza malire a ma watt a CPU yonse. Mukakweza VSOC, CPU imatentha ngakhale ikungokhala, ndipo ma core amatsala ndi gawo lochepa.

Nthiwatiwa:
Ine ndifunse kaye: 6400 mukuifuniranji pa 7800X3D? Tiwerengere limodzi. CL30 pa 3000 MHz ndi 10 ns. CL32 pa 3200 MHz ndi 10 ns. N'zofanana. Pa bandwidth, DDR5-6000 pa ma channel awiri imatha kufika 96 GB/s powerengera, koma CPU ya CCD imodzi (kachidutswa kamene kali ndi ma core) imawerenga ma byte 32 okha pa clock iliyonse ya FCLK. Pa 2000 MHz ndi 64 GB/s, pa 2133 ndi 68 GB/s. Khomo lopapatiza lili pa fabric, osati pa RAM. Kuwonjezera apo CPU imeneyi ili ndi cache ya L3 (memory yachangu ya mkati mwa CPU) ya 96MB, ndiye magemu ambiri sapita ku RAM pafupipafupi. Phindu limene mungapeze pa 6400 ndi lochepa kwambiri poyerekeza ndi limene lili m'ma timing ena monga tRFC, tREFI, tRRD ndi tFAW pa 6000 pomwepo.

Chisulo:
Achemwali, zoona, koma tisanene ngati palibe phindu n'komwe. UCLK ikakwera, controller yonse imathamanga, ndipo latency imatsika ndithu ngakhale CL itafanana powerengera ma ns. Kungoti si CPU iliyonse imene imafika 3200 pansi pa 1.30 V. AMD yokha imalonjeza DDR5-5200 pa Ryzen 7000 ndi ma RAM awiri, china chilichonse pamwamba apo ndi mwayi wa chip yanu. 6000 pafupifupi zonse zimatha, 6200 zambiri, 6400 zina zokha. Munthu ayese, koma adziwe poimira.

Nthiwatiwa:
Sitikutsutsana, achimwene. Ndikungoti asasiye VSOC pa 1.30 V zaka zitatu chifukwa cha ns imodzi kapena ziwiri.

Wamagetsi:
Chabwino, njira yake nayi, a Kadzidzi. Imatenga masiku, osati madzulo amodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba chotsani zonse zimene si za RAM. Curve Optimizer, yosintha volteji ya ma core, ibwerere pa 0, PBO, yokweza malire a mphamvu ya CPU, pa Auto. Curve Optimizer yotsitsidwa kwambiri imagwetsa y-cruncher mofanana ndendende ndi controller yosakhazikika, ndipo anthu amatha sabata akusintha VSOC pomwe vuto ndi core imodzi yosowa magetsi.

Kenako bwezerani FCLK pa 2000 ndipo muisiye pomwepo mpaka nkhani ya UCLK ithe. Masulani ma timing kuti RAM isakhale m'gulu la okayikiridwa: 6400 pa CL36 kapena CL38, ena onse pa Auto, tREFI pa Auto. VDDP muichotse pa Auto, muike 1.00 V kuti mudziwe pamene mwaima. Ma BIOS ena amaikweza okha kupyola 1.10 V munthu akayatsa EXPO, pomwe sizikufunika.

Tsopano yambani VSOC pa 1.20 V. Yendetsani VT3 ndipo mulembe papepala kuti yagwa patatha mphindi zingati. Kwezani ndi 0.02 V, yesaninso, lembaninso. Chimene mukufuna si kudutsa kokha, mukufuna kuona mmene nthawi ikusinthira. Ngati pa 1.20 yagwa pa mphindi 2, pa 1.22 mphindi 6, pa 1.24 mphindi 20, ndiye mukulowera koyenera. Ngati nthawi yayamba kutsikanso, mwadutsa kampata kaja, bwererani. Ngati mwafika 1.28 V osaona kusintha kulikonse, VSOC si imene ikuvuta kapena chip yafika pamapeto pake.

Mukapeza VSOC yabwino kwambiri, isiyeni, mugwire VDDIO. Yesani 1.30, 1.35, 1.40. Sikuti iyenera kufanana ndi VDDQ nthawi zonse, koma isatalikirane nayo kwambiri. Pomaliza VDDP, kuyambira 0.95 mpaka 1.05 V. Chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, ndipo nthawi iliyonse muzitsegula pulogalamu ya ZenTimings kuti muone ngati BIOS yaikadi zimene mwalemba. Pamenepo muzionanso kuti UCLK ikadali 3200, chifukwa ma BIOS ambiri amaigwetsa okha pa theka mukadutsa 6000 ngati simunaikakamize kuti ifanane ndi MCLK.

FCLK mudzaikweze kumapeto, pang'onopang'ono, 2033, 2067, 2100.

Gologolo:
Pa FCLK ndiwonjezere. Pa AM5 fabric ikayamba kulakwitsa nthawi zambiri siimagwetsa kompyuta. Imakonza yokha potumizanso deta, ndiye chimene mumaona ndi kuchepa kwa liwiro, kapena phokoso la tsetsetse m'mahedifoni, kapena mbewa kudodoma. Ndiye poyesa FCLK musangoona ngati yadutsa. Onani liwiro limene VT3 ikulemba pa ulendo uliwonse. Likamasinthasintha kwambiri kapena likatsika poyerekeza ndi la pa 2000, FCLK imeneyo si yokhazikika ngakhale isanaonetse error.

Mlonda:
Pepani kulowerera, kodi zimenezi zimagwiranso pa AM4, soketi yakale ya AMD? Pali 5800X yokhala ndi DDR4-3800, FCLK 1900. Mayeso a RAM onse akudutsa koma mu Event Viewer ya Windows mwadzaza WHEA-Logger, Event ID 19, mazanamazana pa ola.

Chisulo:
A Mlonda, maganizo ake ndi omwewo koma mavolteji amalumikizana mosiyana. Pa AM4 mumafuna MCLK, UCLK ndi FCLK zonse zifanane, ndiye DDR4-3600 ndi 1800, DDR4-3800 ndi 1900. WHEA 19 ndi error ya pa fabric imene yakonzedwa. Kompyuta siigwa koma ikutaya nthawi pokonza, ndipo nthawi zina USB imazimazima. Musaisokoneze ndi WHEA 18, imene imabwera kompyuta itazima yokha n'kuyakanso, ndipo ikalemba za Cache Hierarchy kawirikawiri ndi core yosowa volteji chifukwa cha Curve Optimizer.

Chofunika kudziwa pa AM4 n'chakuti VDDG, volteji ya fabric (ilipo ya IO die, IOD, ndi ya CCD), imapangidwa kuchokera ku VSOC kudzera mu LDO, kachipangizo kowongolera volteji. LDO imangotsitsa, siikweza, ndipo imafuna mpata woti igwirire ntchito. Ndiye VSOC yeniyeni, ya pa SVI2 TFN CPU ikamagwira ntchito yolemera, iyenera kuposa VDDG ndi 0.04 V kapena 0.05 V. Munthu akalemba VSOC 1.10 ndi VDDG IOD 1.08, kenako VSOC n'kutsika kufika 1.075 pa katundu, VDDG imene akuganiza kuti waika palibe. Apa ndi pamene LLC (Load-Line Calibration, setting ya mu BIOS) ya SoC imathandiza, ikakhala yapakatikati kuti volteji isamagwe kwambiri.

Poyambira pabwino pa 1900: VSOC 1.10 V, VDDG IOD 1.05 V, VDDG CCD 0.95 V, VDDP 0.90 V. CCD yokwera kwambiri imatha kuwonjezera ma WHEA m'malo mochepetsa, ndiye muyese kuitsitsa musanaikweze. VSOC isapyole 1.20 V pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Palinso ma chip ena a Zen 3 amene amakana 1900 yeniyeniyo pomwe 1867 akuyenda bwinobwino. Mukayesa zonsezi ma WHEA osatha, tsikirani pa DDR4-3733 ndi FCLK 1867. Kusiyana kwake simudzakuona ndi maso.

Mlonda:
VDDG zonse ziwiri zinali pa 1.10 V, VSOC 1.10 V. Ndiye ndaona pamene palakwika.

Chisulo:
Eya, pamenepo LDO inalibe popumira.

Nyerere:
Ku mbali ya Intel nako tinene, chifukwa ena akuwerenga ali kumeneko ndipo mayina ndi ena.

Pa ma CPU akale, kuyambira Skylake mpaka Comet Lake, zinali ziwiri: VCCSA ya System Agent, mmene muli memory controller, ndi VCCIO. Za fakitale zinali 1.05 V ndi 0.95 V. Vuto linali lakuti ukayatsa XMP (yofanana ndi EXPO, ya ku Intel) ya liwiro lalikulu, ma motherboard ambiri pa Auto ankazikweza kufika 1.30 V kapena kupyola, pomwe DDR4-3600 imayenda pa 1.15 mpaka 1.20 V pa ma chip ambiri. Amene akadali ndi makina amenewa ayang'ane mu HWiNFO64, angadabwe.

Mu 2021 Rocket Lake inabweretsa Gear 1 ndi Gear 2. Pa Gear 1 controller imathamanga mofanana ndi RAM, pa Gear 2 imathamanga theka. Pa DDR4 mumafuna Gear 1, ndipo pamenepo VCCSA ndiye mwini nkhani. N'chifukwa chake ma CPU a Alder Lake opanda K, amene VCCSA yawo ndi yokhoma pansi pa 1 V, amavutika kudutsa DDR4-3600 pa Gear 1 ngakhale RAM ikhale yabwino chotani.

Pa DDR5 pa LGA1700 mumakhala pa Gear 2, ndiye controller siipanikizika kwambiri ndipo VCCSA yokwera siifunika kwenikweni. Zimene zimagwira ntchito yaikulu ndi VDDQ TX ndi VDD2, mavolteji a mbali ya CPU imene imalankhula ndi RAM. VDD2 kampani iliyonse imaitcha dzina lake, ena amalemba IMC VDD, ena Memory Controller Voltage, ena CPU VDD2. Ambiri amayambira VCCSA pa 1.15 mpaka 1.20 V, VDDQ TX pa 1.30 V, VDD2 pa 1.35 V, n'kumasuntha imodziimodzi. Pa ma chip ena VCCSA ikakwera kwambiri kompyuta imangouma gwa pakati pa mayeso, popanda skirini ya buluu, ndipo mankhwala ake ndi kuitsitsa. VDDQ TX nayo ili ndi kampata kopapatiza zedi pa 7200 kupita m'mwamba, 0.02 V yokha imasintha zinthu.

Chenjezo limodzi kwa a 13th ndi 14th gen: musanaimbe mlandu RAM, onetsetsani kuti BIOS ili ndi microcode 0x12B ya mu 2024 kapena yatsopano kuposa pamenepo. Ma CPU amenewo anali ndi vuto la ma core kufooka chifukwa cha volteji yokwera, ndipo zizindikiro zake, monga magemu kutsekeka pokonza ma shader, zimafanana ndi za RAM yosakhazikika. Ngati ikugwa ngakhale XMP itazimitsidwa, musataye nthawi ndi VDD2.

Nthiwatiwa:
Pali chinthu chimene sitinachikhudze ndipo chimanamiza anthu ambiri: kutentha kwa RAM. A Kadzidzi anati magemu akutsekeka. Poyesa ndi TestMem5 kapena y-cruncher, GPU imakhala ikungogona. Mu gemu imatulutsa ma watt 200 kapena 300, ndipo mpweya wotenthawo umadutsa pa RAM pomwe. RAM imene inadutsa mayeso pa 42°C imapezeka ili pa 55°C.

Chifukwa chake ndi ichi. Bit iliyonse mu DRAM ndi ka capacitor kamene kamadontha magetsi, ndiye kamafunika kudzazidwanso pafupipafupi. Mlingo wa JEDEC pa DDR5 ndi refresh pa 3.9 µs iliyonse, kutanthauza tREFI ya pafupifupi 11700 pa 6000. Anthu amaikweza kufika 65535, imene ndi pafupifupi 21.8 µs, kuchulukitsa kasanu n'kupitirira. Liwiro limakweradi, koma kudontha kumakula ndi kutentha, ndiye pa tREFI imeneyo ma error amayamba RAM ikangotentha. Munthu osadziwa amathamangira kukweza VDD, RAM n'kutenthanso kwambiri, vuto n'kukula.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Error ya kutentha imabwera mochedwa, patatha mphindi 30 kapena ola, ndipo imatha mukaika fani ya 120 mm yolozera pa RAM kapena mukatsitsa tREFI kufika 32768. Error ya controller siisamala za fani. Pafupifupi DDR5 iliyonse ili ndi sensa mu SPD hub, HWiNFO64 imaionetsa, koma dziwani kuti ma chip enieniwo amakhala otentherapo kuposa nambala imeneyo. Mayeso omaliza muziyendetsa TestMem5 limodzi ndi chinthu chotenthetsa GPU, bokosi lili lotseka mmene limakhalira masiku onse.

Gologolo:
Ndipo wina asanene kuti DDR5 ili ndi ECC, njira yokonza ma error, ndiye palibe chodetsa nkhawa. On-die ECC imakonza bit imodzi mkati mwa chip basi. Zimene zalakwika pa waya pakati pa RAM ndi CPU, kapena mkati mwa controller, siiziona. Deta yolakwikayo imakalembedwa pa disiki ngati yabwinobwino. N'chifukwa chake poyesa zinthu izi ndi bwino kukhala ndi kope la mafayilo ofunika kwina, ndipo mukamaliza muyendetse sfc /scannow. Windows imatha kuwonongeka mwakachetechete, n'kumadzapereka MEMORY_MANAGEMENT patapita masabata RAM itakhazikika kale.

Kadzidzi:
Ndayamba monga mwanenera. Curve Optimizer pa 0, FCLK 2000, CL38, VDDP 1.00 V. Zotsatira za VT3 pa 6400: VSOC 1.20 siyikufika n'komwe mu Windows. Pa 1.24 yagwa pa mphindi 4. Pa 1.26 mphindi 11. Pa 1.28 mphindi 35. Pa 1.30 yatha maola awiri osagwa. Koma pali chachilendo: nditazimitsa n'kuyatsanso osasintha kanthu, pa 1.30 pomwepo yagwa pa mphindi 15.

Wamagetsi:
Manambala amenewo akunena zinthu ziwiri momveka. Choyamba, pa FCLK 2000 kukweza VSOC kukuthandiza mpaka kumapeto, kusonyeza kuti kugwa msanga kwa poyamba paja pa 1.30 V kunali kwa fabric pa 2133. Chachiwiri, controller yanu ikufuna 1.30 V kapena kupyola kuti igwire 3200, ndipo kupyola kulibe. Mwaima m'mphepete mwa phompho.

Zoti yadutsa kenako yagwa mutayatsanso, imeneyo ndi training. Kompyuta ikamayaka, BIOS imayesa waya uliwonse wa deta, kufunafuna kachedwedwe ndi volteji yowerengera imene ili pakati pa kampata. Ndi nthawi ija skirini imakhala yakuda, nyale ya DRAM ili choyaka. Kampata kakakhala kotakasuka, training iliyonse imagwera pabwino. Kakakhala kopapatiza, lero igwera mkati, mawa m'mphepete, malinga ndi kutentha kwa nthawi imeneyo. Ndiye setting imene yadutsa kamodzi sinatsimikizike. Muziyesa mutayatsa kompyuta itazizira m'mawa, muyesenso mutaiyambitsanso ili yotentha, katatu kapena kanayi.

Chisulo:
Apa ena amayatsa Memory Context Restore kuti BIOS isunge training yabwino ija isamabwerezenso. Imafupikitsadi nthawi yoyaka, koma poyesa iyenera kukhala yozimitsa, apo ayi musintha volteji koma kompyuta n'kumayendera training yakale, zotsatira zake n'kukhala zabodza. Mukamaliza zonse mukhoza kuiyatsa, koma muyatse limodzi ndi Power Down Enable. Kuyatsa Memory Context Restore yokha Power Down ili yozimitsa kumadziwika kuti kumabweretsa skirini ya buluu pa AM5. Ndipo kuigwiritsa ntchito pobisa setting ya m'mphepete si nzeru, tsiku limene BIOS idzachite training yatsopano vuto lidzabwerera.

Ikakana kuyaka n'komwe ngati pa 1.20 V paja, musafulumire kuzimitsa. Training ya DDR5 imatha kutenga mphindi zingapo, makamaka pa RAM yaikulu. Dikirani mphindi zisanu. Ikapanda kubwerera yokha, chotsani chingwe cha magetsi, gwiritsani batani kapena ma pin a Clear CMOS. Musanayambe zoyesa zonsezi sungani profile ya BIOS imene ikuyenda bwino, pa flash ngati BIOS ikulola, kuti musamalembenso zonse pamanja.

Nyerere:
Funso kwa a Kadzidzi: cooler munaimanga bwanji? Pa soketi za LGA, AM5 ndi LGA1700 zomwe, kumanga mopyola kapena mopendekera kumachititsa kuti ma pin ena a memory asagunde bwino. Chizindikiro chake chachikulu ndi channel imodzi kusowa kapena training kukanika mwa apo ndi apo. Sindikuganiza kuti ndi vuto lanu, chifukwa manambala anu akukwera mwadongosolo ndi VSOC, koma kwa amene zotsatira zake zikungodumphadumpha popanda dongosolo, amasule cooler, achotse CPU, ayang'ane ma pin, abwezeretse n'kumanga zomangira mopingasa pang'onopang'ono.

Kadzidzi:
Cooler ili bwino, 6000 yakhala ikuyenda popanda vuto. Ndatsikira pa 6200, UCLK 3100. Pa VSOC 1.22 V VT3 yatha maola atatu, ndayatsanso kanayi, yadutsa ulendo uliwonse. Pa 1.20 V inagwa kamodzi patatha ola. VDDIO ndaitsitsa kufika 1.35 V, palibe chasintha. Ndibwezere CL30 tsopano?

Wamagetsi:
Ikani VSOC pa 1.24 V, osati 1.22. Ngati 1.20 ikugwa ndipo 1.22 ikudutsa, malire ali pakati pomwepo, ndipo mukufuna kampata koti nyengo yotentha kapena fumbi mu cooler zisakugwetseni. Mukatero bwezerani ma timing, koma tsopano woyesa wamkulu ndi TestMem5 kapena Karhu, chifukwa mwabwerera ku mbali ya RAM. CL30 pa 6200 ndi 9.7 ns, yothina pang'ono kuposa ya EXPO yanu, ndiye VDD ingafune 1.40 V kapena kuposerapo pang'ono. Dziwani kuti PMIC zambiri zimaima pa 1.435 V pokhapokha mutayatsa High Voltage Mode mu BIOS. tRCD musailimbane nayo, pa Hynix siimvera volteji kwenikweni, ikakana 37 ipatseni 38.

Nthiwatiwa:
FCLK yesani 2067, imagwirizana bwino ndi UCLK 3100 pa 2 kwa 3, ngati mmene 2000 imachitira ndi 3000. Lembani liwiro la VT3 pa 2000 kaye kuti mukhale ndi poyerekezera. Curve Optimizer ibwerere kumapeto kwenikweni, ndipo ikabwerera muyesenso VT3, chifukwa ikadzagwa pamenepo mudzadziwa kuti ndi ma core.

Mlonda:
Ku AM4 kuja, VDDG IOD 1.05, CCD 0.95, VSOC 1.125 mu BIOS imene ikuwerenga 1.10 pa katundu. Ma WHEA 19 atsika kufika awiri kapena atatu pa ola koma sanatheretu.

Chisulo:
Awiri pa ola akadali ambiri, tikufuna 0. Tsitsani CCD kufika 0.90 muone, kenako yesani IOD 1.03 ndi 1.06. Poyesa gwiritsani Prime95 pa Large FFTs, Event Viewer ili yotsegula, komanso muisiye kompyuta ikungokhala usiku wonse, chifukwa ma WHEA ena amabwera pamene CPU ikulowa ndi kutuluka m'tulo osati pa katundu. Akapanda kutha pa zitatuzo, 1867.